Mbeu Zogona mu Ubongo wa Munthu

Pali mau aŵiri amene mphunzitsi aliyense watsopano amaŵamva asanathe ngakhale teremu yoyamba, ndipo mauwo ndi akuti "mutu wouma." Amanenedwa ndi kholo limene latopa ndi kugula makope, amanenedwa ndi ana pabwalo la sukulu, ndipo nthaŵi zina amanenedwa ndi mwini mutuwo: mnyamata wa zaka 14 amene akubwereza Sitandade 4, kapena mai wa ana asanu amene waitanidwa ku sukulu ya kwacha nayankha kuti wake mutu udauma kale. M'mau ameneŵa muli chiphunzitso chathunthu, chakuti ubongo uli ngati mbiya yootcha, imene ikachoka pamoto siingaumbidwenso. Ife amene taphunzitsa zaka zambiri kuno ku Mphunzi, m'mapiri a Dedza, tafuna kukambirana nanu, aphunzitsi a maŵa, zimene akatswiri a sayansi apeza pa nkhani imeneyi, pakuti zikukhudza m'mene mudzamuonera mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi, ndiponso m'mene mudzadzisamalira inu eni.

Mfundo yake mwachidule ndi iyi. Mkati mwa ubongo, ngakhale utakhwima, muli maselo ena oŵerengeka amene adasungidwa ngati mbeu. Ambiri a iwo ali m'tulo. Kudzuka kwao ndi kugona kwao kumalamulidwa, mwa zina, ndi mapuloteni amene ntchito yao ndi kuyesa chakudya chimene chaloŵa m'thupi. Tsono chogona ndi chouma nzosiyana, ndipo mphunzitsi amene wazindikira kusiyana kumeneku salankhula za mutu wa mwana asanafunse za mimba yake.

Chakudya ndi mbeu

Tisanapite kwa asayansi, tiyambire pakhomo. Kuno kwathu mlimi aliyense amadziŵa kuti chimanga chonse sichipita kuchigayo. Pokolola amapatula ngala zazikulu ndi zokhwima bwino, nazimangirira pamwamba pa moto kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Nyemba za mbeu zimasungidwa mumphika, zosakaniza ndi phulusa, ndipo ngakhale njala ifike pachimake mai wanzeru salola kuti mphikawo uvundukulidwe. Mbeu yosungidwayo siikula, siiphuka, siionetsa chizindikiro chilichonse cha moyo, komabe siidafe.

Ikagwa mvula yoyamba ija ya chizimalupsa, mlimi amayamba wakumba ndi khasu kuti aone pamene chinyezi chalekeza. Wopupuluma amabzala mbeu yake yonse, dzuŵa nkuŵala milungu itatu, mmera nkupsa, ndipo mvula yeniyeni ikadza amapezeka alibe chobzala. Wamantha nayenso amasunga mbeu mpaka nyengo kutha, nkhokwe nkukhala yopanda kanthu. Luso la ulimi lagona pa kudziŵa tsiku lovundukula mphika ndi tsiku lousiya wovundikira. Sungani chithunzi chimenechi, chifukwa ubongo nao uli ndi vuto lomweli, ndipo umalithetsa m'njira yofanana.

M'mene mbeuzi zidapezekera

Kwa zaka zambiri akatswiri a ubongo ankaphunzitsa zosasiyana kwenikweni ndi za mutu wouma zija. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1906 chifukwa chofotokoza kapangidwe ka maselo a ubongo, adatsimikiza kuti munthu akakula maselo ameneŵa angathe kufa koma atsopano sangabadwe. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza mauthenga, otchedwa manyuroni, okwana pafupifupi 86 biliyoni, ndipo chikhulupiriro chidali chakuti onsewo timabadwa nao.

Woyamba kutsutsa ndi umboni adali Joseph Altman, ku America. Mu 1962, ndiponso mu 1965 pamodzi ndi Gopal Das, adaonetsa kuti mu ubongo wa makoswe aakulu mukubadwa maselo atsopano. Anzake sadasamale zimenezi kwa zaka pafupifupi 20. M'zaka za m'ma 1980 Fernando Nottebohm, ku New York, adapeza manyuroni atsopano mu ubongo wa mbalame zazikulu zotchedwa canary, m'mbali imene imayendetsa kuimba. Kenaka mu 1992 Brent Reynolds ndi Samuel Weiss, ku Calgary m'dziko la Canada, adatenga maselo mu ubongo wa mbeŵa zazikulu naŵalera m'mbale, ndipo maselowo adagaŵikana nkubala manyuroni. Maselo obalaŵa ndiwo amene asayansi amaŵatcha neural stem cells. Ife m'nkhani ino tiŵatcha maselo a mbeu.

Mwa mbeŵa ndi makoswe maselo a mbeu amakhala m'malo aŵiri. Ena ali m'makoma a timapanga ta madzi ta mkati mwa ubongo. Ena ali m'kachiŵalo kopindika kotchedwa hippocampus, kamene kamapezeka mbali zonse ziŵiri za ubongo, ndipo kamathandiza kusunga zatsopano m'chikumbukiro, kukumbukira malo, ndi kusiyanitsa zochitika ziŵiri zofanana. Kwa mphunzitsi kachiŵalo kameneka nkofunika kopambana, chifukwa phunziro la lero limadutsira momwemo.

Nanga mwa anthu? Mu 1998 Peter Eriksson wa ku Sweden ndi Fred Gage wa ku America adapeza manyuroni atsopano mu hippocampus ya anthu achikulire amene adamwalira ndi khansa. Mu 2013 gulu la Jonas Frisén, ku Stockholm, lidaŵerengera kuti munthu wamkulu amaonjeza manyuroni pafupifupi 700 patsiku mu hippocampus iliyonse. Mu 2018 gulu lina, ku San Francisco, lidatsutsa, likunena kuti mwa akulu silidapeze maselo otere. Koma ngakhale gulu lotsutsalo lidaŵapeza mwa makanda ndi mwa ana, mpaka mwa mwana wa zaka 13. Mu 2019 ofufuza a ku Madrid adaŵapeza mwa nkhalamba zopitirira zaka 80, ndipo mu 2025 gulu la Frisén lidalengeza kuti laona maselo obala akugaŵikana mu ubongo wa anthu akulu. Mkangano wa chiŵerengero udakalipo pakati pa akatswiri, ndipo nkoyenera kuti mphunzitsi audziŵe. Koma chiphunzitso chakale chija, chakuti ubongo wokhwima ndi mbiya yootcha, sichingaimenso monga kale.

Mapuloteni oyesa chakudya

M'kalasi timaphunzitsa kuti mapuloteni ndi zakudya zomanga thupi, monga nyemba, mtedza, nsomba ndi mazira. Nzoona, koma nkhani siithera pamenepo. Thupi limaphwanya mapuloteni a m'chakudya kukhala tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Tizidutswati tili ta mitundu 20, ndipo 9 mwa mitunduyo thupi silingathe kudzipangira, liyenera kuilandira m'chakudya. Selo lililonse limatenga tizidutswa timeneti ndi kumanga mapuloteni akeake a mitundu zikwi zambiri. Ena ali ngati njerwa, ena ngati amisiri, ena ngati amithenga. Amene tikunena pano ali ngati alonda oima pakhomo la nkhokwe, oona zimene zaloŵa ndi zimene zatsala.

Chitsanzo chomveka bwino chidachokera ku tintchentche tija timaunjikana pa nthochi yakupsa. Mphutsi ya ntchentche imeneyi ikangoswa, maselo a mbeu a mu ubongo wake amakhala ali m'tulo. Mu 1998 ofufuza a ku Seattle adaona kuti mphutsi ikapatsidwa shuga yekha, popanda ma amino asidi, maselowo sadzuka. Mu 2010 ndi 2011 magulu aŵiri, la Andrea Brand ku Cambridge ndi la Alex Gould ku London, adalongosola njira yake. Chiŵalo chosunga mafuta m'thupi la mphutsi ndicho chimayamba kuzindikira kuti ma amino asidi afika; chimatumiza uthenga kwa maselo olera amene azungulira mbeu zija; maselo olerawo amatulutsa timadzi tofanana ndi insulini; ndipo mbeu zimadzuka, zimakula, nkuyamba kugaŵikana. Onani kuti kukhuta kokha sikudakwanire. Mimba ya mphutsi idali yodzaza ndi shuga, koma alonda sadatsegule.

Mlonda woyamba, amene amapezeka mwa ntchentche, mwa mbeŵa ndi mwa ife, dzina lake ndi mTOR. Mbiri yake njodabwitsa. M'dothi limene lidatengedwa pa chilumba cha Rapa Nui, m'nyanja ya Pacific, paulendo wa asayansi wa 1964, mudapezeka kachilombo kopanga mankhwala oletsa maselo kukula, otchedwa rapamycin. Mu 1991 Michael Hall ndi anzake, ku Basel m'dziko la Switzerland, adapeza mu yisiti puloteni imene mankhwalawo amaigwira, ndipo mu 1994 idapezekanso mwa nyama zoyamwitsa. mTOR ali ngati kapitao wa ntchito. Akamva kuti ma amino asidi alipo, mphamvu ilipo, ndipo insulini yabweretsa uthenga wakuti thupi ladya, amalamula selo kuti limange mapuloteni, likule, ligaŵikane. Mu 2012 ofufuza a ku Montreal adaonetsa kuti akatseka mTOR mu ubongo wa mbeŵa zazikulu, kuchulukana kwa maselo obala kumatsika, ndiponso kuti ntchito ya mTOR m'malo a mbeu imachepa mbeŵa ikamakalamba.

Mlonda wachiŵiri ndi AMPK, amene tingamutche msungichuma. Iye amaŵerenga mphamvu imene yatsala m'selo. Ikachepa, amaimitsa kapitao uja, amaletsa ntchito zomanga, nalamula kuti selo liyambe kuotcha zimene lidasunga.

Wachitatu ndi banja la mapuloteni otchedwa FoxO, ndipo ameneŵa ndiwo mai wosunga mphika uja. Chakudya chikachepa ndipo insulini ikatsika, FoxO amaloŵa pakati penipeni pa selo, m'mene muli malamulo a chibadwa, nautsa malamulo a kugona, kudziteteza ndi kudzikonza. Chakudya chikachuluka amatulutsidwamo. Mu 2009 magulu aŵiri a ku America, limodzi la Anne Brunet ku Stanford, adaphunzira mbeŵa zimene zidachotsedwa mapuloteni ameneŵa. Zotsatira zake zidali za mlimi wopupuluma uja. Gulu lina lidaona maselo a mbeu akugaŵikana mothamanga mbeŵa zili zazing'ono. Ndipo magulu onse aŵiri adapeza kuti mbeŵazo zitakula, maselo a mbeu adali ataperewera. Apa mpamene tikuona kuti tulo ta maselo ameneŵa si ulesi iai, koma ndi njira yosungira mbeu kufikira ukalamba.

Palinso ena aŵiri oyenera kuŵatchula. Mu 2013 gulu la Sebastian Jessberger, ku Zurich, lidapeza kuti selo la mbeu likadzuka limasoŵa puloteni yopanga mafuta, yotchedwa FASN, kuti limange zikopa za maselo atsopano, ndipo ikachotsedwa kubadwa kwa manyuroni kumatsika kwambiri. Kumbali ina, chiyambire 1984 asayansi akudziŵa kuti selo limatenga gawo laling'ono la shuga ndi kupanga kachizindikiro kotchedwa O-GlcNAc, kamene limakamata pa mapuloteni ambiri ndi kusintha kagwiridwe kao ka ntchito. Mu 2020 ofufuza a ku San Francisco adaonetsa kuti mwa mbeŵa zokalamba kachizindikiroka kamachepa m'maselo a mbeu, ndipo maselowo amayamba kubala maselo olera ambiri m'malo mwa manyuroni. Motero chakudya sichingolamula kuti mbeu idzuke kapena igone. Njira zoyesa chakudya zimakhudzanso chimene mbeuyo idzabale.

Tisanyamule molakwa

Nzeru ikachoka m'nyumba yofufuzira kupita m'kalasi imatha kupotoka panjira, choncho tichenjezane pa zinthu zitatu.

Choyamba, zonse tafotokoza za aloŵa zidapezeka mwa yisiti, ntchentche ndi mbeŵa. Mwana amene akuodzera pa 10 koloko chifukwa sadadye kanthu m'maŵa sakuodzera chifukwa maselo ake a mbeu agona lero lomwe. Nyuroni yatsopano imatenga milungu ingapo kuti ikhwime ndi kulumikizana ndi zinzake. Chimene chikumuvuta pa ola limenelo nchapafupi: ubongo umadya kwambiri. Mwa munthu wamkulu umalemera magawo 2 okha pa magawo 100 a thupi, koma umatenga magawo 20 a mphamvu yonse. Mwa mwana wa zaka 5 umatenga pafupifupi theka. Njala ya lero imaba tcheru cha lero, pamene njala ya miyezi ndi zaka ndiyo imafika pa kamangidwe ka ubongo.

Chachiŵiri, mudzaŵerenga kuti mbeŵa zochepetsedwa chakudya zimasunga manyuroni atsopano ambiri, ndipo makoswe odyetsedwa mafuta ochuluka amabala ochepa. Nzoona. Koma mbeŵa zimenezo zidali zazikulu, ndipo zinkalandira mapuloteni, mavitamini ndi michere yonse yokwanira. Zimenezo nzosiyana kutali ndi njala ya mwana wokula amene wagonera nsima ya dzulo ndi mchere. Wina asadzanene kuti sayansi yayamikira njala.

Chachitatu, palibe chakudya chimodzi chamatsenga. Ku Mangochi, mu 2018, ana 660 a miyezi 6 mpaka 9 adaloŵa m'kafukufuku m'mene theka la iwo linkalandira dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6. Pamapeto pake msinkhu wao sudasiyane ndi wa anzao osalandira, ndipo ofufuzawo adaona kuti ana ambiri a kumeneko ankadya kale nsomba. Ku Embu, m'dziko la Kenya, kumene nyama idali yosoŵa, ana a sukulu amene adaonjezeredwa nyama m'chakudya chao cha pasukulu, m'kafukufuku woyamba mu 1998, adapambana anzao pa mayeso a kuganiza. Chothandiza ndi chimene chikusoŵa m'mbale ya mwanayo, ndipo mphunzitsi ayenera kuidziŵa mbale ya dera limene watumizidwa.

Mbale ya kuno kwathu

Dedza si dziko louma. Timalima chimanga, nyemba, soya, mtedza ndi mbatata ya kachewere imene imadyetsa mizinda. Komabe ife tonse amene tagwira choko kuno tikudziŵa kuti kalasi la mwezi wa Febuluwale si kalasi la mwezi wa Juni, ngakhale maina m'kaundula ali omwewo. Nkhokwe zikapepuka, ena amajomba kukagwira ganyu m'minda, ena amafika koma maso ali pazenera, ndipo funso limene tafotokoza katatu limabwerera lopanda yankho. Zokolola zikaloŵa, ana omwewo ndiwo amalimbirana kuimika mkono. Mutu umene udatchedwa wouma mu Febuluwale suukanatha kunyowa wokha mu Juni ukanakhala mbiya yootcha.

Vutoli si la Mphunzi yekha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malaŵi adali opinimbira. Ameneŵa ndiwo adadzaza makalasi m'zaka zotsatira. Nchifukwa chake phala la pasukulu si nkhani yapambali. Bungwe la World Food Programme lidayamba kudyetsa ana a sukulu m'dziko muno mu 1999, ndipo lidayambira m'boma lino la Dedza. Bungwe la Mary's Meals lidayamba mu 2002 ndi ana 200, ndipo m'zaka zosakwana 20 chiŵerengerocho chidafika pa miliyoni. Likuni Phala ndi ufa wa chimanga ndi soya woonjezeramo mavitamini ndi michere, ndipo kusakaniza kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Puloteni ya chimanga njopereŵera ma amino asidi aŵiri, lysine ndi tryptophan, pamene nyemba ndi soya zili ndi lysine wambiri. Agogo athu amene ankaphika chimanga pamodzi ndi nyemba, kapena kutendera nkhwani ndi nsinjiro, adayankha funso la alonda aja asanamve maina ao.

Zimene mphunzitsi angachite

Mphunzitsi alibe nkhokwe yodyetsa mudzi wonse, koma pali zinthu zimene zili m'manja mwake.

Adziŵe amene wadya ndi amene sadadye, koma asafunse pagulu, pakuti mwana amasankha njala kusiyana ndi manyazi. Funso lachete pakhonde, kapena kuona amene amakhala patali anzake akamadya, nkokwanira. Kumene kuli phala, phunziro lofuna kuganiza kwambiri, monga masamu atsopano kapena kuŵerenga, liikidwe ana atamwa kale. Kumene kulibe, mphunzitsi angathe kukambirana ndi komiti ya sukulu ndi mafumu nthaŵi ya zokolola, osadikira Januwale.

Magulu 6 a zakudya asangokhala chithunzi chapakhoma. Mwana amene waloŵeza kuti pali zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zochokera ku nyama ndi zamafuta, koma sadziŵa kuti ngumbi, usipa, khwanya, chisoso, mfutso ndi masuku zili m'magulu omwewo, waphunzira mndandanda chabe. Tapeza kuti ana amamvetsa bwino akafunsidwa kujambula mbale imene adadya dzulo, popanda kulemba dzina, ndi kuganizira pamodzi chimene chingaonjezedwe kuchokera m'munda kapena kuthengo popanda ndalama. Mgaiwa uli ndi zambiri zimene ufa woyera udataya kumtondo. Mchere wa ayodini umateteza ubongo wa mwana ali m'mimba. Dimba la sukulu likhale la nyemba, soya ndi masamba, ndipo zokolola zake zibwerere kwa ana amene adalima.

Asadule nthaŵi ya maseŵera pofuna kumaliza silabasi. Mu 1997 ndi 1999 gulu la Fred Gage lidaonetsa kuti mbeŵa zokhala m'malo odzaza ndi zoseŵeretsa zimasunga manyuroni atsopano ambiri, ndipo zothamanga pa gudumu zimabala pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri. Manyuroni atsopano ambiri amafa asanakhwime, ndipo amene amapulumuka kaŵirikaŵiri ndi amene apatsidwa ntchito. Chakudya chimadzutsa mbeu, koma mmera umafuna kupaliridwa. Mwa anthu muli umboni woloza komweko. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, ana opinimbira amene ankayenderedwa mlungu ndi mlungu kwa zaka 2 m'zaka za m'ma 1980, kuseŵera nao ndi kuphunzitsa amai ao kucheza nao, adapezeka patapita zaka 20 akulandira malipiro oposa anzao ndi magawo 25 pa 100. Kuno tili ndi mwai umene masukulu ambiri alibe. Miyala ya Mphunzi ili m'gulu la malo 127 a zojambula zakale a Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidaŵaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kukwera phiri ndi kalasi, kukaona zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Acheŵa, nkubwerera kudzalemba, ndi phunziro limene limagwiritsa ntchito miyendo, maso ndi chikumbukiro nthaŵi imodzi.

Phunziro lenileni la mbeu zogona nalo lingaphunzitsidwe popanda chipangizo chogula. Tengani nyemba 30. Khumi zibzalidwe m'chitini cha dothi lonyowa, khumi m'chitini cha dothi louma, khumi zitsale m'thumba. Patapita mlungu funsani ana ngati za m'dothi louma zafa, ndipo ambiri adzavomera. Pamenepo thirirani, nimudikire mlungu wina. Zikamera, afotokozereni kuti mu ubongo mulinso mbeu zodikira, ndipo muone nkhope ya mnyamata wobwereza uja.

Ubongo wa mphunzitsi

Mutu wa nkhani ino ukunena za ubongo wokhwima, ndipo ubongo wokhwima woyamba umene mudzausamale ndi wanu. Mphunzitsi watsopano akafika pa sukulu ya kumudzi, kutali ndi kwao, amazoloŵera msanga tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi m'maŵa, tchipisi masana, nsima ndi ndiwo zomwezo usiku, ndiponso kugona mochedwa pochonga makope. Alonda aja sasiya ntchito munthu akalandira satifiketi. Kudya mopereŵera kumaŵauza kuti atseke. Kudya shuga ndi mafuta mopitirira, chaka ndi chaka, kumasokoneza uthenga wa insulini umene iwo amadalira. Kuyenda pansi, kugona mokwanira, kudya zamitundumitundu ndi kupitiriza kuŵerenga ndi mbali ya kukonzekera phunziro, monga momwe kulemba sikimu kulili.

Ndipo mudzakumana ndi akulu ofuna kuphunzira, kaya ku sukulu ya kwacha, kaya kholo limene lidzabwere madzulo mwakachetechete kuti mulithandize kulemba dzina lake. Pakamwa pao padzakhala mau aŵiri aja. Musaŵalonjeze kuti adzaphunzira mofulumira ngati mdzukulu wao, pakuti maselo a mbeu amachepa ndi ukalamba. Koma mungathe kuŵauza moona kuti ubongo umapitiriza kulumikiza njira zatsopano moyo wonse, ndipo ofufuza apeza maselo anthete mu ubongo wa anthu oposa iwo msinkhu.

Makolo athu adati m'mera mpoyamba, ndipo sayansi ikuvomereza, chifukwa masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mai waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2, ndiwo amamanga gawo lalikulu la ubongo. Nchifukwa chake zimene muphunzitsa atsikana ndi anyamata a Sitandade 8 za chakudya zidzafika kwa ana amene sanabadwe. Koma mwambiwo udaperekedwa kuti utifulumize kusamala mmera, osati kuti ukhale chifukwa chotayira munda umene udayamba movutika. Mwana amene wafika kwa inu ali wochepa msinkhu, wochedwa kuyankha, sadasankhe mbale imene adakulira. Inu simudzaona maselo ake, ndipo palibe mayeso a m'kalasi amene angakuuzeni mbeu zimene zatsala m'mutu mwake. Chimene mungathe ndi kufunsa ngati wadya, kumpatsa ntchito yoyenera msinkhu wa nzeru zake, kumlola kuthamanga, ndi kusalola kuti mau akuti "mutu wouma" amveke m'kalasi lanu, kaya kuchokera kwa anzake, kaya kwa iye mwini.